Kukonzanso Baseball ku America: Matauni Aang'ono Atsala ndi Mabwalo

Pa 9 Disembala 2020, akuluakulu a bungwe la Major League Baseball, limene limalamulira masewero a baseball m'dziko la United States of America, adatumiza makalata kwa eni matimu aang'ono owaitana kuti alowe m'dongosolo latsopano. Malo m'dongosolomo adali 120 okha, pamene matimu amene adali m'chigwirizano chakale adali 160. Matimu 43 sadaitanidwe, ndipo malo atatu adaperekedwa kwa matimu a St. Paul, Sugar Land ndi Somerset, amene kale adali kunja kwa chigwirizanocho. Ambiri mwa matimu osiyidwawo adali a m'matauni aang'ono, kumene masewerowa adakhala akuchitika kwa zaka makumi ambiri.

M'nkhaniyi muli zoyenera kuziganizira anthu amene amasunga chuma cha boma ndi amene amaphunzitsa ana. Muli mabwalo omangidwa ndi ndalama za msonkho, mapangano amene makhonsolo a matauni sadasainire nawo, chigamulo cha khoti cha mu 1922, ndiponso malipiro a anyamata ogwira ntchito. Osewera amene adatsala m'dongosolo latsopano adapindula ndithu. Koma matauni amene adamanga mabwalo adazindikira mochedwa kuti timu imene ankaiyesa yawo idali yobwereka.

Nazale ya Osewera

Baseball ndi masewero a anthu 9 mbali iliyonse. Wina amaponya kampira kolimba, wa mbali inayo amakamenya ndi chibonga, nathamanga kuzungulira malo anayi oikidwa pabwalo. Akabwerera pamene adayambira, timu yake yapeza chigoli. Ligi yaikulu ili ndi makalabu 30, ndipo 29 ali m'mizinda ikuluikulu ya United States, imodzi ili ku Toronto m'dziko la Canada.

Mnyamata amene walembedwa ntchito ndi kalabu yaikulu sayambira kusewera mumzinda waukulu. Kalabuyo imamtumiza ku timu yaing'ono kuti akaphunzire, ndipo akaonetsa luso amakwezedwa gawo ndi gawo kufikira atafika pamwamba. Anthu a ku America amatcha matimu aang'onowa munda. Mlimi wa fodya akadawatcha nazale, pakuti m'menemo ndimo mbande zimasamalidwa kufikira nthawi yokaziokera kumunda waukulu.

Ntchito ya nazaleyi idagawidwa motere. Kalabu yaikulu imasankha osewera ndi aphunzitsi awo, imawalipira, ndipo ili ndi mphamvu yowasamutsa kapena kuwachotsa tsiku lililonse. Mwini timu yaing'ono amasamala bwalo, amagulitsa matikiti ndi zakudya, nalipira anthu ogwira ntchito pabwalopo. Bwalo lenilenilo kawirikawiri ndi la khonsolo ya tauni, lomangidwa ndi msonkho wa anthu. Chotero tauni ili ndi bwalo, mwini timu ali ndi dzina ndi malonda, koma osewera ndi a munthu wina wokhala kutali. Akale adanena kuti mwana wa mwini ndi gaga, saundika.

Zonsezi zidakhazikika pa pangano limodzi pakati pa ligi yaikulu ndi bungwe la maligi aang'ono, National Association of Professional Baseball Leagues, limene lidakhazikitsidwa mu 1901. Panganolo linkalembedwanso pakapita zaka zingapo. Makhonsolo sadali nawo pa zokambiranazo, ngakhale kuti iwo ndiwo adali eni mabwalo ambiri.

Mmene Matimu Adatayira Ufulu

Pachiyambi matimu aang'ono adali odziimira okha. Ankafunafuna osewera, kuwaphunzitsa, ndi kuwagulitsa kwa makalabu aakulu pamtengo wogwirizana. Amene adasintha zimenezi ndi Branch Rickey wa kalabu ya St. Louis Cardinals, m'zaka za m'ma 1920. Kalabu yake idalibe ndalama zopikisirana ndi makalabu olemera pogula osewera okhwima kale, tsono iye adayamba kugula matimu aang'ono kapena kupangana nawo kuti azimlerera anyamata. Pofika mu 1940 kalabuyo idali ndi matimu aang'ono oposa 30, ndipo makalabu ena adatengera njira yomweyo.

Chaka cha 1949 ndicho chidali cha mwanaalirenji. Padali maligi aang'ono 59, matimu oposa 430, ndipo anthu pafupifupi 40 miliyoni adalipira pakhomo kukaonera. Posakhalitsa wailesi yakanema idalowa m'nyumba za anthu, ndipo munthu wa m'tauni yaing'ono adayamba kuonera makalabu aakulu ali khale pampando pake. Mabwalo adasanduka apululu, matimu adagwa limodzi ndi maligi awo, kotero kuti pofika mu 1963 maligi otsala sadakwane 20. Poopa kuti nazale ingafe, ligi yaikulu idavomera kusenza gawo lalikulu la malipiro a osewera, ndipo magawo a maligi adachepetsedwa. Thandizoli lidapulumutsa matimu otsala, koma kuyambira pomwepo moyo wawo udali m'manja mwa wopereka ndalamayo.

Mu 1990 ligi yaikulu idaika m'pangano malamulo onena za mmene bwalo la timu yaing'ono liyenera kukhalira. Makhonsolo ambiri adakongola ndalama namanga mabwalo atsopano kapena kukonza akale, poopa kuti timu ingasamukire kwina. Mabwalo atsopanowo adakoka mabanja, ndipo masewero aang'ono adadzukanso. Mu 2019 anthu oposa 41 miliyoni adakaonera matimu aang'ono, kuposa a mu 1949. Ichi nchofunika kuchikumbukira, pakuti kuchotsa matimu kwa mu 2020 kudachitika pamene mabwalo adali ndi anthu.

Zifukwa za Makalabu Aakulu

Mu Okutobala 2019 magazini ya Baseball America idaulula kuti ligi yaikulu ikufuna kuchotsa matimu 42 pangano likadzatha pa 30 Seputembala 2020, ndipo mwezi wotsatira maina a matimuwo adasindikizidwa m'nyuzipepala. Mkulu wa ligi yaikulu, Rob Manfred, ndi omthandiza ake adapereka zifukwa zingapo. Adati mabwalo ambiri ndi akale, opanda nyale zokwanira, zipinda zabwino zovalira ndi malo olimbitsira thupi. Adati osewera amavutika ndi maulendo aatali a pabasi chifukwa matimu a ligi imodzi ndi otalikirana. Adatinso matimu ena ali kutali kwambiri ndi makalabu awo. Mwachitsanzo, mu 2019 timu yaing'ono yapamwamba ya kalabu ya Washington idali ku Fresno m'chigawo cha California, kumalire ena a dzikolo. Potsiriza adati osewera ndi ochuluka kwambiri poyerekeza ndi owerengeka amene amafika ku ligi yaikulu, ndipo kuwachepetsa kudzalola kuti otsalawo alipidwe bwino.

Zifukwa izi zidali ndi choonadi. Wosewera wa m'gawo lotsika ankalandira madola 290 pa mlungu, ndipo ankalipidwa m'miyezi ya masewero yokha. Pa milungu yokonzekera nyengo sankalandira malipiro. Anyamata ambiri ankagona mothithikana m'nyumba imodzi yalendi, ndipo nyengo ikatha ankafuna maganyu kuti adye.

Komabe umphawi wa osewerawo sudachokere kwa matauni aang'ono, pakuti wolipira adali kalabu yaikulu, ndipo mu 2019 ligi yaikulu idapeza madola oposa 10 biliyoni. Chaka cha 2018 Nyumba ya Malamulo ya Congress idakhazikitsa lamulo lotchedwa Save America's Pastime Act, limene lidachotsa osewera a m'maligi aang'ono pa chitetezo cha malamulo a boma onena za malipiro ochepetsetsa ndi a maola owonjezera. Lamulolo lidaikidwa m'kati mwa bilu ya ndalama za boma ya masamba oposa 2,000. Ligi yaikulu ndiyo idalipempha, ndipo bungwe la maligi aang'ono lidaithandiza kupempha, poopa kuti malipiro akakwera makalabu aakulu adzachepetsa matimu kapena kukankhira mtolowo kwa eni matimu. Lamulo lidadutsa, malipiro adakhala otsika, ndipo pasanathe zaka ziwiri matimu omwewo adapezeka pa mndandanda wa ochotsedwa.

Aphungu Alemba Kalata, Mliri Ubwera

Nkhani itamveka, anthu a m'matauni okhudzidwawo adadandaula kwa aphungu awo. Mu Novembala 2019 aphungu oposa 100 a zipani zonse ziwiri adasaina kalata yopita kwa Manfred yotsutsa maganizowo. Adawatsogolera ndi Lori Trahan wa ku Massachusetts, amene m'dera lake mudali timu ya Lowell, ndi David McKinley wa ku West Virginia. Senator Bernie Sanders wa ku Vermont, amene pa nthawi imeneyo ankafuna kuimira chipani chake pa chisankho cha pulezidenti, adakumana ndi Manfred mu Disembala chaka chomwecho. Kwa miyezi ingapo zidaoneka ngati ligi yaikulu ibwerera m'mbuyo.

Tsono mu Malichi 2020 mliri wa Covid-19 udatseka mabwalo onse. Makalabu aakulu adali ndi ndalama za wailesi yakanema, ndipo adasewera nyengo yaifupi popanda oonerera. Matimu aang'ono amadalira munthu wolowa pakhomo ndi kugula chakudya, ndipo pa 30 Juni 2020 nyengo yawo yonse idathetsedwa. Eni matimu adatsala opanda khobidi lolowa, aphungu adatanganidwa ndi mliri, ndipo bungwe la maligi aang'ono lidalibe choopsezera nacho mnzake pa zokambirana. Chaka chomwecho ligi yaikulu idachepetsa chisankho cha osewera atsopano. Kale kalabu iliyonse inkasankha mnyamata mmodzimmodzi mosinthana ndi anzake maulendo 40. Mu 2020 adasankha maulendo 5 okha, ndipo kuyambira mu 2021 amasankha maulendo 20. Mbande zitachepa, nazale zotsika zidakhala zopanda ntchito.

Pangano lakale lidatha pa tsiku lake ndipo silidalembedwenso. Ligi yaikulu idatenga ntchito yoyendetsa maligi aang'ono n'kuiika mu ofesi yake ya ku New York, ndipo pulezidenti wa bungwe lakale, Pat O'Conner, adapuma pa ntchito. Pa 12 Febuluwale 2021 kudalengezedwa kuti matimu onse 120 avomera. Timu iliyonse idasaina payokha chiphaso cha zaka 10 ndi ligi yaikulu. Kalabu iliyonse idatsala ndi matimu anayi, a magawo otchedwa Triple-A, Double-A, High-A ndi Single-A, pamodzi ndi anyamata oyamba kumene amene amaphunzirira pa malo a kalabuyo ku Arizona kapena ku Florida.

Ku Mapiri a Appalachia

Ligi ya Appalachian, imene idayamba mu 1911, idali ndi matimu 10 m'zigawo za Tennessee, Virginia, West Virginia ndi North Carolina. Onse khumiwo adachotsedwa. Limeneli ndi dera la mapiri, la migodi ya malasha ndi mafakitale amene ambiri adatsekedwa kale, ndipo matauni ake ndi aang'ono.

Elizabethton, tauni ya anthu pafupifupi 14,000 m'chigawo cha Tennessee, idalera anyamata a kalabu ya Minnesota Twins kuyambira mu 1974. Timu yake idapambana chikho cha ligiyo maulendo 12, kuphatikizapo mu 2017 ndi 2018. Kirby Puckett adayambira pamenepo mu 1982, ndipo Joe Mauer mu 2001. Onse awiri adadzalembedwa m'gulu la osewera otchuka koposa a masewerowa. Kalabu itadandaula za malo ovalira osewera, khonsolo ya tauniyo idavomera kupereka madola oposa miliyoni imodzi pomanga nyumba yatsopano pabwalolo. Nyengo ya 2019 ndiyo idali yotsiriza ya osewera a Minnesota m'tauniyo.

Bluefield, tauni ya pamalire a West Virginia ndi Virginia, idasunga anyamata a kalabu ya Baltimore Orioles kuyambira mu 1958 mpaka mu 2010, ndipo pambuyo pake a Toronto Blue Jays. Cal Ripken Jr., amene adadzasewera masewero 2,632 otsatizana osajombapo, adayambira pamenepo mu 1978. M'matauni otere mabanja ankasunga osewera m'nyumba zawo nyengo yonse, ndipo mnyamatayo akadzaoneka pa wailesi yakanema atavala malaya a kalabu yaikulu, tauni yonse inkamtchula kuti ndi wawo. Matimu ambiri aang'ono amapatsanso ana a sukulu matikiti aulere akawerenga mabuku, ndipo amalemba achinyamata ntchito ya pakhomo ndi yogulitsa zakudya pa tchuthi.

Ligi yaikulu idalonjeza kuti masewero sadzatha m'matauni amenewa, ndipo pamlingo wina idasunga lonjezolo. Kuyambira mu 2021 ligi ya Appalachian ndi ya ophunzira a m'makoleji amene amasewera pa tchuthi cha nyengo yotentha osalandira malipiro. Koma nyengo idafupika, kuchoka pa masewero 68 kufika pa 54 m'chaka choyambacho, ndipo maina a makalabu aakulu adachotsedwa pa malaya ndi pa zikwangwani. Timu ya ku Elizabethton idatchedwa River Riders. Ya ku Princeton, tauni yoyandikana ndi Bluefield, idasewera nyengo zitatu m'dongosololi, kenaka idatsekedwa itatha nyengo ya 2023.

Kumpoto ndi Kumadzulo

Ligi ya New York-Penn, imene idakhazikitsidwa mu 1939, idathetsedwa kotheratu. Mwa matimu ake 14, atatu okha ndiwo adalandira ziphaso: Aberdeen, Brooklyn ndi Hudson Valley. Matimu a Batavia ndi Auburn, matauni aang'ono a m'chigawo cha New York, adalowa m'ligi ya ophunzira a m'makoleji. Ena, monga State College ndi Williamsport a ku Pennsylvania, adaikidwa m'ligi yatsopano ya matimu 6 yotchedwa MLB Draft League, imene imaonetsa anyamata oyembekezera kusankhidwa.

M'chigawo cha Iowa, matauni a Clinton ndi Burlington, onse a m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi ndiponso a anthu pafupifupi 25,000, adataya malo awo m'ligi ya Midwest. Timu ya Clinton idalibe mwini mmodzi wolemera; eni ake adali anthu a m'tauni momwemo amene adagula magawo, ndipo idasewera m'ligiyo kuyambira m'zaka za m'ma 1950 pabwalo lomangidwa mu 1937. Matimu awiriwo adalowa m'ligi ya ophunzira yotchedwa Prospect League.

Kumadzulo, ligi ya Pioneer ya matimu 8 idasandutsidwa yodziimira payokha. Ili ndi ubale ndi ligi yaikulu, koma eni matimu ndiwo amafuna osewera ndi kuwalipira okha. Chigawo cha Montana chidali ndi matimu atatu, ku Billings, Great Falls ndi Missoula, ndipo onse adatuluka m'chigwirizano. Anthu a ku Billings adavota kuti khonsolo ikongole ndalama zomangira bwalo latsopano, limene lidatsegulidwa mu 2008, pamene timu yawo idali pa ubale ndi kalabu ya Cincinnati Reds kuyambira mu 1974. Munthu wa ku Billings wofuna kuona kalabu yaikulu ayenera kuyenda mamailosi oposa 500 kupita ku Denver. Matimu ena adafa kumene, monga a Lancaster ku California ndi Hagerstown ku Maryland. Bwalo la ku Lancaster lidadzasandutsidwa la mpira wa miyendo.

Eni matimu ochotsedwawo adataya chuma. Timu yokhala ndi ubale ndi kalabu yaikulu inkagulitsidwa madola mamiliyoni, chifukwa wogula ankadziwa kuti osewera adzabwera chaka ndi chaka olipiridwa ndi wina. Ubalewo utachotsedwa, mtengo wa timu udagwa.

Njira ya Mnyamata wa ku South Africa

Matimu otsikawa adalinso khomo la anyamata ochokera kumaiko kumene baseball ndi yachilendo. Gift Ngoepe adabadwira ku Polokwane m'dziko la South Africa, nakulira ku Randburg m'kachipinda ka pabwalo la kalabu ya baseball kumene amayi ake ankagwira ntchito. Kalabu ya Pittsburgh Pirates idamlemba mu 2008. Mu 2010 adasewera ku State College, ndipo mu 2011 ku timu ya West Virginia Power. Pa 26 Epulo 2017 adalowa m'masewero a ligi yaikulu, nakhala munthu woyamba wobadwira pa mtunda wa Africa kutero. Ulendo wake udatenga zaka pafupifupi 9. Matimu awiri amene adamlera aja onse adali m'gulu la 43 ochotsedwa. Wosewera wotere, amene amafuna nthawi yaitali kuti akhwime, ndiye amene malo ake amayamba kusowa pamene magawo otsika achepetsedwa.

Chigamulo cha mu 1922

Dziko la United States lili ndi malamulo oletsa makampani kupangana kuti atsekereze anzawo pa malonda, ndipo lalikulu mwa malamulowo ndi Sherman Act la mu 1890. Pa malonda ena, makampani 30 opangana kuti asachite malonda ndi anthu 43 akadayenera kukayankha kukhoti pansi pa lamulo limeneli. Koma mu 1922 khoti lalikulu koposa la dzikolo, Supreme Court, lidagamula kuti masewero a baseball si malonda odutsa malire a zigawo, choncho lamulolo siliwakhudza. Chigamulocho chidalembedwa ndi woweruza Oliver Wendell Holmes. Khotilo lidachisunga mu 1953 ndiponso mu 1972, ndipo ulendo wachiwiriwu lidavomereza kuti nchachilendo, koma lidati wochikonza ndi Nyumba ya Malamulo. Mu 1998 aphungu adachichotsa pa nkhani ya ntchito ya osewera a ligi yaikulu yokha, nasiya maligi aang'ono monga adaliri.

Mu Disembala 2021 matimu anayi ochotsedwa, a Staten Island, Tri-City, Norwich ndi Salem-Keizer, adasumira ligi yaikulu. Unduna wa zachilungamo wa boma la United States udalembera khoti kuti chigamulo chakalecho chisamasuliridwe motambasula. Makhoti aang'ono adakana mlanduwo, ponena kuti ndi omangidwa ndi chigamulo cha akulu awo. Nkhani idatumizidwa ku Supreme Court mu 2023, koma mu Novembala chaka chomwecho mbali ziwirizo zidagwirizana kunja kwa khoti oweruza asanaimve. Chigamulo cha mu 1922 chidatsala chilili.

Zimene Osewera Adapeza

Kwa osewera otsala zinthu zidasintha msanga. Mu 2021 malipiro a pa mlungu adakwera kuchoka pa madola 290 kufika pa 500 m'magawo awiri otsika, kuchoka pa 350 kufika pa 600 mu Double-A, ndi kuchoka pa 502 kufika pa 700 mu Triple-A. Matimu adayamba kusewera masiku 6 pamalo amodzi ndi kupuma Lolemba, chimene chidachepetsa maulendo a pabasi. Kuyambira mu 2022 makalabu adalamulidwa kupatsa osewera ambiri nyumba zogona. Chaka chomwecho ligi yaikulu idavomera kulipira madola 185 miliyoni pothetsa mlandu wa malipiro umene osewera akale adayamba mu 2014, ndipo osewera a maligi aang'ono adalowa m'bungwe la ogwira ntchito kwa nthawi yoyamba.

Pangano lawo loyamba, la zaka 5, lidavomerezedwa mu Malichi 2023. Malipiro ochepetsetsa a pa chaka adakwera kuchoka pa madola 11,000 kufika pa 26,200 mu Single-A, ndi kuchoka pa 17,500 kufika pa 35,800 mu Triple-A. Posinthana, osewera adalola kuti chiwerengero cha anyamata amene kalabu ingasunge m'dzikomo chitsike kuchoka pa 180 kufika pa 165, ndipo ligi yaikulu idalonjeza kuti siidzachepetsanso matimu panganolo lili m'mphamvu.

Otsutsa amanena kuti kukwera kwakukulu kwa malipiro kudabwera chifukwa cha mlandu ndi bungwe la ogwira ntchito, ndipo makalabu opeza mabiliyoni akadatha kulipira bwino popanda kuchotsa tauni ndi imodzi yomwe. Oikira kumbuyo ligi yaikulu amayankha kuti kalabu ndi malonda, ndipo sikakamizidwa kulemba anyamata amene sidzawagwiritsa ntchito chabe kuti tauni isangalale. Mbali zonse ziwiri zimavomereza kuti matauni sadafunsidwe.

Otsalawo Alinso pa Chiyeso

Ziphaso zatsopano zidabwera ndi malamulo okhwima a mabwalo, onena za nyale, zipinda zovalira, malo odyera ndi malo a akazi ogwira ntchito m'matimu. Chotero makhonsolo a matauni amene adapulumuka adapemphedwanso ndalama, monga mu 1990. Ena adapereka. Anthu a ku Eugene m'chigawo cha Oregon adakana pa voti ya mu 2024 kukongola ndalama zomangira bwalo latsopano. Kinston, tauni ya anthu pafupifupi 20,000 ku North Carolina, idapulumuka mu 2020, koma timu yake idasamukira ku bwalo latsopano la ku Spartanburg, South Carolina, mu 2025.

Eni matimu nawonso adasintha. Kale ambiri adali amalonda a m'deralo. Mu Disembala 2021 kudakhazikitsidwa kampani ya Diamond Baseball Holdings, imene mu 2022 idagulidwa ndi kampani ya ndalama ya Silver Lake, ndipo pofika mu 2025 idali itagula matimu oposa 40 mwa 120 aja. Timu ya ku Kinston idali imodzi mwa iwo. Khonsolo imene kale inkakambirana ndi mwini timu wopemphera naye tchalitchi chimodzi tsopano imakambirana ndi nthumwi ya kampani.

Phunziro la nkhaniyi likuoneka poyerekeza zaka. Ngongole ya bwalo imabwezedwa kwa zaka 20 kapena 30, pamene chiphaso cha timu ndi cha zaka 10, ndipo wochipereka sadalonjeze kanthu kwa khonsolo. Tauni imene imamanga nyumba ya ntchito ya munthu wina, popanda kalata yommanga mwini ntchitoyo kuti akhale kufikira ngongole itatha, yasenza ngozi yonse yokha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Pangano la osewera lidzatha ikadzatha nyengo ya 2027, ndipo lonjezo losachepetsa matimu lidzathera pomwepo. Ziphaso za matimu 120 zidzatha ikadzatha nyengo ya 2030. Nthawi imeneyo ikadzafika, makhonsolo amene adzapemphedwe kumanganso adzakhala ndi chitsanzo cha Elizabethton pamaso pawo: tauni imene idalera anyamata a kalabu imodzi kwa nyengo 46, idapambana zikho 12, idamanga chimene idapemphedwa kumanga, ndipo sidaitanidwe.